Mawu a amuna anga anapezeka m'zidutswa za tepi

Moni kwa inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka amayi anzanga amasiye amene timalimbikitsana pagulu lathu la mapemphero. Ine ndine amake Tamala wa kuno ku Chelstone, kale ndinkakhala ku Kabwata. Umboni wanga ena auona waung'ono, chifukwa sindinadwale ndipo sindinasowe pogona. Vuto langa linali lakuti amuna anga atamwalira ndinaiwala mawu awo. Nkhope ndinali nayo pachithunzi, koma mawu anachoka m'mutu mwanga, chonsecho munthuyo dziko lonse linamudziwa chifukwa cha mawu omwewo.

Amuna anga, a Lungu, ankagwira ntchito kunjanji, kumalo otsitsira katundu. Kumeneko anapezana ndi anzawo atatu, a Zulu, a Tembo, ndi a Mwansa ochokera ku Luapula. Pa nthawi yopuma masana ankakhala pamatumba n'kumayimba, opanda gitala, opanda ng'oma, pakamwa pokha ndi kuomba zala. Anzawo akuntchito ndiwo anawapatsa dzina lakuti Anyamata a Njanji, ndipo dzinalo linakanirira mpaka onse anamera imvi. A Zulu ankayimba mawu apamwamba otsogolera, a Tembo ndi a Mwansa apakati, a Lungu besi. Ankaphunzirira nyimbo pakhonde pathu ku Kabwata, ndipo a Lungu akatsitsa mawu, makapu a pashelefu m'nyumba ankanjenjemera.

Tsiku lina anayimba paukwati, ndipo pakati pa alendo panali mkulu wina amene anali ndi situdiyo yojambulira nyimbo m'tauni, pamwamba pa sitolo ina pafupi ndi Cairo Road. Anawaitana kuti akayese. Kuyambira pamenepo, nyimbo zikapsa, Loweruka ankavala malaya oyera n'kupita kukajambula. Aliyense anali ndi malaya oyera amodzi okha, ndipo a Lungu ndinkawasitira ndi simbi ya makala, ndikuuzira phulusa kuti lisagwere pakolala. Ife akazi sitinkalowa m'situdiyomo. Ndinkangomva kuti muli maikolofoni imodzi, onse anayi amaizungulira, ndipo wina akalakwitsa amayambiranso onse.

Mbale yoyamba ya galamafoni atabwera nayo kunyumba, ndinaigwira ndi manja awiri ngati khanda. Inali yakuda, yaing'ono, ndi kapepala kachikasu pakati. Mbali ina kunali nyimbo yakuti Kalata ya ku Katete, mbali inayo Ndidikire pa Siteshoni.

Achinyamata a lero sangamvetse mmene nyimbo inkakwerera masiku amenewo. Pawailesi panali pulogalamu ya Loweruka masana, youlutsa nyimbo zimene anthu apempha kwambiri, kuyambira yapansi kukwera mpaka yoyamba. Kupemphako kunali kwa mapositikhadi. Ndiye ife akazi anayi tinagawana misewu. Ine sukulu ndinalekera panjira, dzanja langa polemba ndi lolemera, choncho ndinkanyamula makhadi m'chikwama, Tamala kumsana, n'kumagogoda khomo ndi khomo. Aphunzitsi ankandilembera, makalaliki ankandilembera, ngakhale ogulitsa nsomba pamsika ankapukuta manja n'kulemba dzina. Sitinanamize munthu. Tinkayamba tawayimbira pang'ono, akaikonda ndiye alembe.

Sabata yoyamba nyimboyo inamveka pansi penipeni, ndipo tinavina ngati tapambana kale. Inapitiriza kukwera pang'onopang'ono. Loweruka limene inafika pamwamba sindidzaliiwala. Msewu wathu wonse unali utatulutsa mawailesi panja. Muulutsi atamaliza nyimbo yachiwiri ife osamva yathu, akazi a a Zulu anayamba kululutira asanaitchule n'komwe. Kenako inamveka, nyumba iyi ndi iyo, mpaka kumapeto kwa msewu, besi ya a Lungu ikutuluka pazenera lililonse. Nyemba zanga zinapserera pambaula tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula. Kalata ya ku Katete inakhala pamwamba nyengo yonse ya mvula. Pambuyo pake panabwera Malaya a Lamlungu, imene inakweranso mpaka pamwamba, ndi Mvula ya ku Makeni, imene inalekezera pachiwiri koma anthu okalamba ankaikonda kuposa zonse. Anayamba kuitanidwa kumaukwati a ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Poyamba ankawalowetsera khomo la kukhitchini, kenako eni nyumba ankatuluka okha kudzawalandira pageti.

Koma pamaso pa Mulungu ndinene zoona, ine ndinali ndi kachidandaulo. A Lungu kunyumba sanali olankhula. Munthu amene mawu ake ankadzaza mabasi ndi malo omwera mowa, kwa ine anali wa "eya" ndi "iyayi" basi. Tsiku lojambula ankachoka m'mawa, n'kubwera dzuwa litalowa, mawu atasasa, n'kukhala pampando kumasula nsapato. Ndinkawauza kuti inu mukakhala ndi anzanu kuja simukumbuka kuti munasiya anthu kunyumba. Iwo ankangoseka chapansipansi, osayankha. Ndinazolowera, koma mumtima ndinakhulupirira kuti ndi mmene zinalili.

Zaka zinapita, magitala amagetsi ndi makaseti akunja anadzaza tauni, ndipo anthu anasiya kufuna amuna anayi oyimba pakamwa pokha. Situdiyo ija inatsekedwa. A Mwansa anabwerera kwawo ku Luapula ndipo tinangomva uthenga wa maliro. A Zulu anatsatira, kenako a Tembo. Galamafoni yathu inawonongeka, ndipo mbale zonse ndinazikulunga m'chitenje n'kuziika m'sutikesi yabulauni pansi pa bedi. Sindinkada nkhawa, chifukwa mwini mawu anali pafupi, akuyimbabe besi m'kwaya ya kumpingo Lamlungu lililonse.

Ndiye sitiroko inawagwira. Anakhala zaka zitatu osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Akafuna madzi ankaloza, akafuna kuthokoza ankandifinya dzanja. Anamwalira mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la Lusaka limasungunula ngakhale phula la pamsewu.

Mukudziwa mwambo wathu pamaliro. Katundu yense wa m'nyumba amatuluka panja kuti amayi apeze poyala zitenje ndi kukhala pansi. Alamu anga akutulutsa mipando ndi bedi, mmodzi anandifunsa kuti, "Nanga sutikesi iyi, mlamu?" Ine mutu sunali kugwira. Ndinangoti, "Tulutsani zonse." Anaiika kuseri kwa nyumba pamodzi ndi zina, n'kuphimba ndi pulasitiki yakuda kuopa fumbi. Tinadikira achibale a ku Katete masiku anayi, ndipo masiku anayi onsewo sutikesi inali padzuwa. Palibe analakwa. Mawu otulutsa ndinanena ndine.

Ndinaitsegula patapita mwezi, pamene Tamala ankandisamutsira kwake kuno ku Chelstone. Mbale zonse zinali zitapindika ngati masamba ouma, zina zitamatana. Tamala anabwereka galamafoni kwa munthu wina wa kuntchito kwake kuti tiyese. Singano inkangolumpha, ndipo chimene chinkatuluka chinali kubuula ngati ng'ombe yodwala. Ndinaziika pansi pa matiresi milungu iwiri, osawongoka. Imodzi ndinaiphimba ndi nsalu n'kuidutsitsa simbi, ndipo mizere yake yonse inafafanizika. Ndinakhala pansi ndi mbaleyo m'manja, ndikulira kuposa tsiku loika maliro.

Tinafunafuna kwina. Tamala anafufuza pafoni, koma nyimbo za Anyamata a Njanji palibe anaziikapo. Tinapita kwa ana a a Zulu ku Kaunda Square, anati zawo zinatayika posamuka. Akazi a a Tembo ku Makeni anali ndi chithunzi chokha, anyamata anayi m'malaya oyera. Tinafika mpaka pamalo pamene panali situdiyo, tinapeza akugulitsa matailosi, ndipo wogulitsayo sanadziwe n'komwe kuti pamwambapo pankayimbidwa nyimbo.

M'mawa wina ndikutsuka mbale zodyera, ndinayesa kukumbukira mmene a Lungu ankandiitanira. M'mutu munabwera mawu a mchimwene wanga. Ndinayesanso, munabwera mawu a abusa. Zaka zitatu za chete zija zinali zitaphimba zaka zonse zam'mbuyo. Mawu a nyimbo ndinkawadziwa onse, koma liwu lowanyamula linali litapita. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyimba m'tchalitchi. Amuna a besi akayamba, ndinkatuluka kukaima pansi pa mtengo mpaka nyimbo ithe. Ndinkadziimba mlandu, ndipo nthawi zina ndinkaimba mlandu Mulungu. Ndinkati, Ambuye, munawatseka pakamwa ali moyo, mwawatenga, nanga kanthu kakang'ono kamene kanatsala kanakulakwirani chiyani?

Ku chigwirizano cha amayi Lachinayi ndinkachita manyazi kutchula nkhaniyi. Mnzanga akupempherera mwana wake amene ali m'ndende, wina ali ndi chotupa, ndiye ine ndiimirire ndinene za mbale za galamafoni? Koma chinthu chikakulemera chimakulemera basi. Tsiku lina ndinaimirira ndipo ndinanena. Palibe anaseka. Amayi Mwale, amene amatitsogolera, anandigwira paphewa n'kupemphera mwachidule kuti, "Atate, mwana wanu akufuna kumva mawu a mwamuna wake kamodzi kokha. Inu simutaya kanthu." Titatuluka anandiuza kuti kumsika wa ku Kabwata kuli mdala wina wokonza mawailesi akale, mwina angadziwe mowongolera mbale.

Ndinapita Lolemba, sutikesi pamiyendo m'minibasi, mpaka m'tauni, kenako ina ya ku Kabwata. Ndinapeza kashopu kakang'ono kodzaza mawailesi akufa mpaka kudenga. Mwini wake, ba Chanda, anali mdala wochepa thupi, magalasi ake omangidwa ndi waya.

"Muli shani, ba mayo? Mwabweletsa odwala?" anatero.

Ndinatsegula sutikesi. Anatenga mbale imodzi, n'kuitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Awe, ba mayo. Ine ndine dokotala chabe. Akufa siniukitsa."

Ndinayamba kukulunga chitenje kuti ndizipita. Koma iwo anali asanabweze mbale ija. Anaisendeza pafupi ndi maso, akuwerenga kapepala kachikasu.

"Anyamata a Njanji! Imwe, izi mwazitenga kuti?"

"Ndi za amuna anga, malemu a Lungu."

"Ba Lungu wa besi? Uja tinali kumuimika ku chitseko?" Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. "Ndiye kuti ndimwe amake Tamala."

Abale anga, ine ndinali ndisanatchule dzina langa. Ndinakhala pa wailesi yaikulu imene inali pakona. Ndinawafunsa kuti andidziwa bwanji, ndipo anangoti, "Mulungu akalola muzamvela mweka."

Kenako anandifotokozera. Ali achinyamata ankagwira ntchito m'situdiyo muja, ndipo ntchito yawo inali kudula tepi ndi lezala. Asanayambe kuyimba, woyimba aliyense ankauzidwa kuti alankhule pamaikolofoni, kuti mkulu wa situdiyo uja aone ngati mawu akulowa bwino, ndi kumusendeza kutsogolo kapena m'mbuyo. Zolankhula zimenezo zinkalowa patepi, ndipo pomaliza ba Chanda ankazidula n'kutaya, kuti patsale nyimbo yokha. Nyimbozo, mbale zikangopangidwa, ankazifafaniza n'kujambulapo gulu lina, chifukwa tepi inali yosowa. Choncho za nyimbo anandiuza poyera kuti ndisayembekezere. Koma zidutswa zotayidwa zija iwo ankazitola m'bini n'kumazilumikiza, kuti azikhala ndi tepi yoyesera makina akawakonza. Nkhata imodzi ya tepi yoteroyo inali kunyumba kwawo m'chitini cha mabisiketi.

"Koma sinikulonjezani," anatero. "Yankhala zaka zambili. Kapena inaola. Na makina yake ifuna lamba. Bwelani pa masabata yabili, mubwele na mwana."

Masabata awiri amenewo ndinapemphera ngati mwana, mawu omwewo m'mawa ndi madzulo: Ambuye, tepi isaole.

Tinapita ndi Tamala Loweruka m'mawa. Ba Chanda anali ataika patebulo makina akale a mawilo awiri, lamba wake atamudula kuchokera kuchubu cha njinga. Pafupi panali bambo wowotcherera zitsulo, ndipo ba Chanda anatulutsa mutu pakhomo n'kukuwa, "Ba neba, pumulani pang'ono, kuno tili na chalichi!" Phokoso linaleka. Anadina batani, mawilo n'kuyamba kuzungulira.

Poyamba tinamva anthu osawadziwa. Wina akuwerenga manambala, wina akutsokomola, mayi wina akufunsa ngati ayambe. Zinapitirira choncho mpaka ndinayamba kuyang'ana pansi. Kenako kunamveka kuseka, ndipo ndinakudziwa pomwepo, kunali kuseka kwa a Zulu. Mkulu wa situdiyo anati, "Besi, bwerera m'mbuyo." Ndiye kuchokera patali kunabwera yankho:

"Ndafika kale pachitseko, bwana. Mukufuna ndikayimbire pa Cairo Road?"

Tamala anandigwira mkono. Ine ndinasendera pafupi ndi makinawo. Anali iwowo, mawu akuya aja, osafulumira, ngati munthu amene sanayambe wathamangirapo basi.

"Chabwino, lankhulani timve," anatero mkulu uja.

"Amake Tamala, nkhuku ija musaphe lero, mundidikire."

Tepi inadumpha polumikiza, panabwera anthu ena, kenako tsiku lina lojambula. A Zulu anawerenga manambala, a Tembo manambala, a Mwansa manambala. Itafika nthawi ya a Lungu anati, "Amake Tamala, malaya mwasita bwino, anzangawa akuchita nsanje." Chidutswa china anati, "Amake Tamala, mwana wamwa mankhwala? Ndikubwera, musakwiye." Pamenepo a Zulu anawadula, "Iwe Lungu, iyi si telefoni! Akazi ako sakukumva!" Onse anaseka. Ndipo a Lungu anayankha mwa chizolowezi chawo, chapansipansi:

"Asiyeni. Adzamva."

Ba Chanda anaimitsa makina, chifukwa ine ndinali nditagwada pasimenti pakati pa mawailesi akufa aja. Anadikira, kenako anati, "Ba mayo, Loweluka iliyonse zinali so. Anzao manambala, beve amake Tamala. Ise tinali kuseka, koma dzina ija sininaibale."

Zaka zonse zija ndinkawanena kuti akakhala ndi anzawo amaiwala kunyumba. Iwo ankangomasula nsapato osayankha. Kodi akanati chiyani, munthu wosadziwa kudzitchinjiriza ndi pakamwa?

Chakumapeto kwa tepi kunali mphatso ina. Tsiku lojambula Kalata ya ku Katete, ulendo woyamba unalakwika, choncho unadulidwa n'kutayidwa. A Zulu akuyamba, apakati akulowa, kenako besi ikubwera pansi pawo ngati sitima ikamayandikira, umayamba kuimva m'mapazi usanaione. Ndime yoyamba yonse ilipo. Polowa yachiwiri a Mwansa anayetsemula, nyimbo n'kusweka, onse n'kuyamba kuseka ndi kuwanena. Bambo wowotcherera uja anali ataima pakhomo, chigoba chake chili pamphumi, ndipo anati amayi ake ankaiyimba nyimboyo pochapa.

Tamala anajambula zonse pafoni yake, ndipo ba Chanda anabwereza tepi kawiri kuti zilowe bwino. Titafuna kuwathokoza ndi kanthu anakana, anangopempha mbale imodzi yopindika kuti aipachike pakhoma. Ndinawapatsa ya Mvula ya ku Makeni.

Mbale zanga sizinawongoke, ndipo nyimbo zina zija mwina sindidzazimvanso pansi pano. Koma ndinapempha kumva kamodzi kokha, ndipo tsopano ndimamva m'mawa uliwonse ndisanayambe kusesa. A Mwansa akayetsemula ine ndimapitiriza ndime yachiwiri ndekha, chifukwa mawu ake ndimawadziwa. Lamlungu lotsatira ndinakhala m'tchalitchi mpaka nyimbo yomaliza, amuna a besi anayamba ndipo sindinatuluke.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga yankho langa m'chitini cha mabisiketi, kuchokera m'bini, ine ndisanadziwe n'komwe kuti ndidzalifuna. Ndikuthokoza amayi Mwale ndi amayi onse a chigwirizano amene sanaseke pempho langa, ndi ba Chanda, Ambuye awasunge ndi maso awo ofookawo. Inu amene mwanyamula chinthu chimene mukuchita nacho manyazi kuti n'chaching'ono, imirirani muchinene, ndipo musaleke kupemphera ngakhale mutaona kuti munachiwononga ndi manja anu omwe. Ine ndinatulutsa sutikesi padzuwa ndi pakamwa panga, koma Ambuye sanandisiye pamenepo.

A Lungu anawauza anzawo kuti ndidzamva. Zinatenga zaka zambiri, atate ake a Tamala, koma ndamva. Ambuye alemekezeke. Ameni.